Mayina Awiri pa Kompyuta ya a Yeremiya

Kompyuta ya a Yeremiya Chadzunda inafa Lachitatu masana, ndipo tisabisane, anaipha ndi manja awo omwe. Anthu a m'mapiri a Ntchisi mphenzi amaidziwa bwino, inawadyerapo ng'ombe ndi abale omwe, choncho kumwamba kukangoti gugugu aliyense amathamangira kuzula chilichonse chili kumagetsi. A Yeremiya, mlembi wa mpingo wa pamudzi pawo, anali pakati polemba maminiti a msonkhano wa akulu a mpingo pamene kunang'anima. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri anadumpha ngati mnyamata n'kukasolola chingwe kukhoma, kompyuta ili chiyakire. Anakhala akuchita zimenezi dzinja lililonse kwa zaka khumi ndi zisanu, iyo osadandaula. Tsiku limeneli inatopa nawo.

Mvula itakata anailumikizanso. Inalira monga mwa masiku onse, kenako galasi lonse bii, pamwamba pali timizere tiwiri toyera ta Chingerezi. Anaizimitsa n'kuiyatsanso. Bii. Anaipukuta fumbi, anaiwomba khofi pambali monga ankachitira ndi wailesi yawo yakale, mpaka anafika poipempherera. Koma ayi ndithu, bii yemwe uja.

Akazi awo, a Lines, anawapeza atagwira kumutu.

"Aa, bambo a Manesi, mwakhala ngati pagwa maliro bwanji? Si maminiti chabe? Mulemba pamanja monga kale. Nanga mpingo unayamba ndi kompyuta?"

"Si maminiti ayi."

A Lines anayang'ana bokosi la kompyutayo. Anatuluka mwakachetechete, pakuti ankadziwa chimene chinali m'bokosimo, ngakhale awiriwa anali asanakambiranepo n'kamodzi komwe.

Kompyutayi anaigula kwa mphunzitsi mnzawo pamene ankapuma ntchito, ili yakale kale, ndipo amene anaikonza kuti izigwira ntchito m'nyumbamo anali mwana wawo woyamba, Bryson. Ikayaka bwino inkayamba yaonetsa galasi la buluu lokhala ndi mayina awiri. Pamwamba Bryson, pambali pake kachithunzi ka mpira. Pansi Yeremiya, pambali pake kabakha kachikasu, kamene mwana wachipongwe uja anawasankhira dala, ati kuyenda kwa bambo ake n'komweko. Ukadina pa dzina lako unkalowa kwako, kumene kuli zolemba zako. Kwa a Yeremiya kunalibe loko. Kwa Bryson kunali kokhoma ndi pasiwedi, mawu achinsinsi amene ankawadziwa yekha.

Bryson anachoka pakhomopo zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, osabweranso, osaimba ndi foni yomwe. Ena ankati anamuona m'maesiteti a fodya ku Kasungu, ena ankati anawolokera ku Zambia. Kaya. M'nyumbamo dzina lake silinkatchulidwa. Anthu amene ankaitana a Yeremiya kuti bambo a Bryson anasintha okha n'kuyamba kuti bambo a Manesi, kutengera mwana wachiwiri. M'kaundula wa mpingo dzinalo munalibe. Padziko lonse panatsala malo amodzi okha pamene bambo ndi mwana ankaima pamodzi, ndipo malowo anali galasi la buluu lija. M'mawa uliwonse a Yeremiya ankaiyatsa kompyutayo ngakhale palibe cholemba, n'kukhala akuyang'ana mayinawo mpaka tiyi kuzizira. Ankamusowa mwana wawo, abale inu, ankamusowa moti nthawi zina pachifuwa pankawawa ngati akwera phiri.

Panalinso china. Tsiku lomaliza asanachoke, Bryson anakhala pakompyutapo masana onse atatseka chitseko, bambo ake akungomva kudinadina. Kuyambira pamenepo a Yeremiya ankakhulupirira kuti kuseri kwa loko uja kuli kalata yawo, mwina yowakalipira, mwina yowauza kokamupeza. Anayesapo dzina la amake, la timu yake ya mpira, tsiku lake lobadwa, zonse zinakana. Kupempha munthu kuti awathyolere ankachita manyazi, komanso mantha. Ankadziuza kuti mwiniwake adzatsegula yekha tsiku lina.

Lachinayi anapita nalo bokosilo pa boma pa Ntchisi kwa Vinsenti wokonza mafoni. Iye anangowerenga timizere tija n'kuseka.

"Iyi, madala, njofufuta zonse n'kuyambiranso. Apo ayi mungoitaya, ndi nkhalamba kuposa inu."

"Kufufuta zonse? Ndi mayina omwe?"

"Zonse psiti."

"Ndiye chotsanipo manja anu."

Vinsenti ataona mmene madalawo anakumbatirira bokosi lawo analeka kuseka. Anawauza kuti ku Dzaleka kuli mayi wina dzina lake Kezia, amene ali ndi mtima wopirira ndi nkhalamba zamtunduwu.

Lachisanu m'mawa a Lines anatulutsa chitenje chawo chatsopano, chimene ankasungira ubatizo wa mdzukulu, n'kukulungamo kompyutayo, pamwamba thumba la feteleza kuopa mvula. Powapatsa anati:

"Musakaigwetse."

Msewu wa m'dzinja wochokera ku Ntchisi si woti munthu n'kuufotokozera mnzake, azingouona yekha. Njinga yamoto inaterereka m'matope, kawiri konse a Yeremiya anatsika n'kuyenda pansi bokosi lili pamutu, nsapato zawo za kutchalitchi zitasanduka zibuma. Anafika ku Dzaleka dzuwa lili pamutu. Paunyamata wawo malo amenewa anali ndende, dzina lake ankalitchula monong'ona. Tsopano anapeza msasa wa anthu othawa kwawo ndi msika wake, zilankhulo zosiyanasiyana, fungo la chapati, mawailesi akulimbirana. Anafunsa katatu asanapeze kachipinda ka malata kamene makompyuta akufa anaunjikanamo mpaka kudenga.

Kezia anali mayi wa zaka ngati makumi atatu, wamfupi, magalasi ake omanga ndi waya mbali imodzi. Makolo ake anachokera ku Burundi, koma iye anabadwira mumsasa momwemo, ndipo Chichewa chake chinali cha ku Dowa chenicheni. Anawapatsa mpando, anamasula chitenje chija n'kuchipinda bwinobwino, kenako analumikiza bokosilo ku galasi lake. Bii uja anatuluka. Anawerenga n'kuwayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Agogo, kompyuta yanuyi mumaizimitsa bwanji?"

"Mwaulemu, monga anandiphunzitsira. Kupatula kukamagunda."

"Kukamagunda mumatani?"

"Ndimazula."

"Mayo ine! Anthu a kumapiri inu mudzandipha. Sabata ino ndinu achitatu." Anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nawo. "Mvetserani. M'kati mwa kompyutamu muli kaundula wake, ife timati rejisitiri. Ndi mabuku asanu. Lina imalembamo ziwalo zake, lina mapulogalamu, lina mayina a anthu ololedwa kulowa ndi maloko awo. Ikakhala chiyakire imakhala ikulembamo nthawi zonse. Inu munaizula cholembera chili papepala, tsamba n'kung'ambika. Tsopano ikadzuka ikufuna kuwerenga kuti iyo ndi ndani, ikupeza zong'ambika, basi n'kungoima."

A Yeremiya anagwedeza mutu. Zimenezi anazimva msanga, kaundula anali ntchito yawo ya zaka makumi atatu.

"Nanga ilibe wina wapadera?"

"Ili naye, amene inasunga tsiku loyamba isanadziwe munthu aliyense. Ngati long'ambika ndi buku la ziwalo lokha, ndisintha lokhalo, mayina atsala. Ngati la mayina lapita nalo, ndiye kwina."

"Mayi, mayinawo ndi amene ndabwerera. Zina zonse zipite, maminiti ndilembanso. Koma pali dzina la Bryson."

Mawuwo anatuluka mosasa, ngati a munthu wongodzuka kumene. Zaka khumi ndi chimodzi zinali zitatha asanalitchule dzinalo pakamwa.

Kezia analowetsa chimbale m'kompyutamo, ndipo patapita kanthawi galasi linamupatsa malo olemba. Anayamba kutaipa mizere yaitali ndi zala zonse. Anawafotokozera kuti mabuku akalewo sakuwataya, akungowasunthira pambali, kuti zikavuta awabwezere. Ali choyang'ana pagalasi anafunsa:

"Bryson ndi ndani, agogo?"

Munthu ndi wodabwitsa. Zimene a Yeremiya analephera kukamba ndi akazi awo, ndi abusa, ndi ana awo aakazi, anazikhuthula kwa mayi wachilendo amene anamudziwa theka la ola lokha.

Bryson anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri pamene amalume ake, a Andireya, munthu wa gule wamkulu, anamutengera kudambwe, kumalo obisika kumene a gule amakumana. Mnyamatayo ankati iye anangofuna kugula njira, pakuti ankadutsa kumeneko ndi tomato panjinga ndipo anatopa ndi kuthamangitsidwa. Koma lamulo la mpingo wawo linali lodziwika: wolowa kudambwe amadulidwa. Akulu a mpingo atakumana, ena anati mwanayo ayambe walangizidwa mwakachetechete. A Yeremiya, pofuna kuti anthu asadzati mlembi amakondera wake, ndi amene anayamba kukweza dzanja. Anakweza mpaka m'mwamba, ngati mwana wa sukulu wodziwa yankho.

Ndiye ntchito yochotsa dzina m'kaundula inali ya mlembi. Kaundulayo anali m'kompyuta momwemu, mayina mazana asanu ndi limodzi m'mizeremizere, ndipo amene anawataipa anali Bryson yemwe. A Yeremiya analimbana nazo m'mawa wonse. Akafufuta zilembo, mzere unkatsala wopanda kanthu, ukuwayang'ana. Akayesanso ankafufuta dzina la munthu wosalakwa. Pamudzi ponse wodziwa zimenezi anali mmodzi yekha, ndipo mapeto ake anamuitana.

"Anabwera, mayi. Sanakane. Anaima kumbuyo kwanga, anaika dzanja lake pamwamba pa langa. Akuti, mudina apa, bambo, kenako apa. Mzere uja unangoti zii. Mayina a pansi anakwera okha n'kutseka mpata, ngati panalibe munthu. Iye akuti, mwaona, n'zosavuta. Masana amenewo ndi amene anadzitsekera. Kutacha tinapeza mphasa yokha."

Kezia anali atasiya kutaipa.

"Za mayina ochotsedwa pamndandanda kuno timazidziwa," anatero. Anadina batani. "Tiyeni tione."

Kompyuta inalira, bii uja anadutsa, ndipo panatuluka chizindikiro chimene inkaonetsa poyaka, chokhala ndi timagetsi toyenda. A Yeremiya anaimirira osadziwa kuti aimirira. Koma galasi la buluu lisanafike panabwera kabokosi ka mawu, kompyuta n'kuzima yokha n'kuyambiranso. Inachita zimenezi kachiwiri, kachitatu.

"Buku la mayina nalonso lang'ambika," anatero Kezia. "Dikirani, sindinagonje."

Ndipo zoona sanagonje msanga. Anati makompyuta amtunduwu amakonda kudzisungira makope ena a kaundula mwa apo ndi apo, n'kuwabisa pakona. Anafufuza pakonapo, anapeza mbee. Wina anazimitsa zimenezi kalekale pofuna kusunga malo, mwina mphunzitsi uja asanaigulitse. Anamasula bokosilo, anatulutsa chosungira zinthu n'kuchilumikiza ku kompyuta yake, kuyesa kutsegula buku long'ambikalo ndi mapulogalamu atatu osiyana. Anthu awiri anabwera ndi mafoni, anawabweza kuti abwere mawa. Mvula inayamba kuwaza padenga, inakata, inayambanso. A Yeremiya anakhala phee, chipewa chili pamaondo, akupemphera pemphero limene iwo omwe ankaona kuti n'lochititsa manyazi kwa mkulu wa mpingo: Ambuye, dzina lokhalo.

Potsiriza Kezia anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Agogo, ndayesa zonse zimene ndikudziwa. Kuti iyake, ndiyenera kuika buku la tsiku loyamba lija. Mundilole?"

A Yeremiya anagwedeza mutu kuvomera.

Ulendo uno inayaka bwinobwino, ndipo n'zimene zinawawa kwambiri. Sinaime n'komwe kufunsa kuti ndinu ndani. Inangodutsa n'kukafika pa chithunzi cha kaphiri kobiriwira ndi mitambo, yosangalala ngati yatsopano. Panalibe mpira, panalibe bakha.

"Musataye mtima," anatero Kezia. "Yaiwala mayina, koma katundu sanapite." Anawaonetsa maminiti awo onse, ndi kaundula wa mpingo ali bwinobwino. Kenako analoza kachikwatu kachikasu kolembedwa Bryson. "Zake zili umu. Loko ndi amene wachoka. Nditsegule?"

A Yeremiya anakayang'anitsitsa kachikwatuko. Zaka zonsezi ankafuna zimenezi, koma tsopano ankalakalaka atathawa. Anatulutsa magalasi awo owerengera m'thumba la jekete, anawapukuta, anawavala, anakonzanso kolala ngati akukalowa mu ofesi ya munthu wamkulu.

"Tsegulani."

Munalibe kanthu. Kezia anatsegula mosungira zolemba, mbee. Mosungira zithunzi, mbee. Mosungira nyimbo, mbee. Anayang'ana ngakhale motayira zinyalala. Chimene anapeza ndi tsiku lokha limene munthu anagwiramo komaliza, ndipo ataliwerenga a Yeremiya analizindikira.

"Ndiye kuti sankalemba," anatero pang'onopang'ono. "Masana onse aja ankasesa."

"Nthawi zina zofufutidwa zimabwerera, ngati pamalopo sipanalembedwe zina. Ndiyese?"

Anayesa. Pulogalamu yake inakumba kwa nthawi ndithu, ndipo zimene inatulutsa zinali zidutswa. Kezia anatsegula chimodzi. Msonkhano unatsegulidwa ndi pemphero. Anatsegula china. Akulu anagwirizana zokonza denga la tchalitchi. China, za mbuzi za abusa zolowa m'munda wa eni.

"Pepani, agogo. Chosungira chake n'chaching'ono. Pamene panali zake, kompyuta inakhala ikulembapo zanu."

Apa ndiye a Yeremiya analira. Sanabise nkhope, sanapepese, misozi inangotsika n'kumagwera pachipewa. Sankalirira kalata yokha. Ankalira chifukwa anaona kuti mwana wawo anachoka wopanda nawo mawu, ndipo kakang'ono kamene kakanatsala anakakwirira okha ndi nkhani za mbuzi. Kezia anatuluka n'kubwera ndi madzi m'kapu, anawaika pafupi nawo, n'kumalongosola mawaya amene sanafunike kulongosola.

Atamwa madziwo Kezia anati: "Ndiyenera kuiuzanso eni ake. Ndilembe ndani?"

"Yeremiya."

"Kachithunzi kake? Pali maluwa, pali gitala, pali galimoto."

"Bakha."

Kezia anawayang'ana, koma analemba. "Basi?"

"Bryson. Wake ndi mpira."

Anaizimitsa mwaulemu, akuwaonetsa ndi chala kuti aone mmene anthu amachitira, n'kuiyatsanso. Galasi la buluu linabwera. Pamwamba Bryson ndi mpira, pansi Yeremiya ndi kabakha. Munthu sakanasiyanitsa ndi mmene zinalili kale.

"Tsopano mutha kulowa konse," anatero Kezia. "Yesani."

A Yeremiya anatambasula dzanja n'kudina pa dzina la mwana wawo. Panalibe chofunsa. Linangotseguka lokha, mosavuta, kaphiri kobiriwira kaja n'kuonekera, popanda chilichonse. Anabweza dzanja msanga ngati agwira mbaula.

"Ayi. Sizinali chonchi. Khomani."

"Chabwino. Sankhani pasiwedi, mutaipe nokha."

"Ikani inu. Musandiuze."

"Agogo, mwaona nokha kuti mulibe kanthu m'menemo."

"Ndaona. Sindine mwana, ndaona." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Koma mawa m'mawa ndikaiyatsa ndikufuna ndikapeze pokhoma. Pokhoma ndimatha kudikira. Nanga potsegula chonchi ndikadikira chiyani? Komanso kunyumba kuli amake. Andifunsa ndi maso okha, ndimawadziwa. Ndikawauza kuti dzina lapulumuka, koma loko wakana."

"Mkulu wa mpingo kunama?"

"Ndinanenapo zoona tsiku lina, mayi. Mwaona kumene zinandifikitsa."

Kezia sanatsutsenso. Anakokera kompyuta kwa iye. A Yeremiya anadzuka n'kukaima pakhomo atafulatira, akuyang'ana madzi akutsika m'malata a nyumba yoyandikana nayo. Kumbuyo kwawo batani loyamba linalira, kenako lachiwiri, ndipo anazindikira kuti ayamba kuwerenga. Anatseka makutu ndi manja onse awiri n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi mokweza, kuti asadziwe ngakhale kuchuluka kwa zilembo zake.